Mabwinja a ku Greece m'mabuku akale a zithunzi: muyambe ndi liti?

Kwathu tikati bwinja timanena malo amene anthu anasamukapo. Pamatsala mitengo ya mango, mapale ndi timilu ta dothi pomwe panali nyumba, ndipo wodutsa amangoloza n'kunena kuti apa mpomwe ankakhala agogo. Mabwinja a ku Greece amene alendo a ku England ndi ku France ankakajambula zaka 200 kapena 300 zapitazo sanali otero ayi. Munali anthu, utsi unkafuka. Pamwamba pa phiri la Acropolis ku Athens panali linga la asilikali a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, nyumba zawo zitathithikana pakati pa nsanamira zakale, ndipo m'kati mwa kachisi wamkulu wa Parthenon munali mzikiti. Chipilala cha Lysicrates, chomangidwa cha m'ma 334 Yesu asanabadwe, chinali chitalowa theka m'khoma la nyumba ya amonke a Capuchin, ndipo iwo ankasungamo mabuku.

Wojambula aliyense wofika kumeneko anayenera kusankha chochita nawo anthu amenewa: kuwajambula monga analili, kuwachepetsa kuti angokhala zokometsera m'munsi mwa chithunzi, kapena kuwafufutiratu. Ine mabuku amenewa ndimawayeza pamenepo. Za kukongola ndi za mtengo ndizikamba, koma mukandifunsa kuti muyambe ndi liti, ndidzayamba ndakufunsani kuti mukufuna miyala, anthu kapena njira.

Amene anaona denga lisanaphulike

Jacob Spon, dokotala wa ku Lyon, ndi George Wheler, mnyamata wa ku England wokonda kutola zomera, anafika ku Athens kumayambiriro kwa 1676. Spon anatulutsa buku lake m'Chifalansa mu 1678, ndipo la Wheler, A Journey into Greece, linatuluka ku London mu 1682. Zithunzi zake sizikopa maso. Parthenon imaoneka ngati kanyumba kowonda, nsanamira zake ngati mapolo. Analakwitsanso zina zikuluzikulu: khomo limene ankalowera m'masiku awo, la kumadzulo, analiyesa khomo lenileni la kachisiyo, ndipo Spon anaganiza kuti ziboliboli ziwiri za pamwamba pake zinali za mfumu ya Aroma Hadrian ndi mkazi wake.

Komabe awiriwa anaona chimene onse obwera pambuyo sanachione, Parthenon ili ndi denga. Pa 26 September 1687 asilikali a ku Venice otsogozedwa ndi Francesco Morosini anaombera lingalo ndi mizinga, bomba linagwera pa onga umene asilikali a Ottoman ankasunga m'kachisimo, ndipo pakati ponse panaphulika. Anaonanso kachisi wamng'ono wa Athena Nike ali chilili, asanagumulidwe kuti miyala yake ilimbitse linga. Awa ndi mabuku owerenga, osati oyang'ana. Amene akufuna chithunzi chokongola asataye nthawi pano, koma amene akufuna mboni ayambire pomwepa.

Mkangano wa Le Roy ndi Stuart

Apa mpomwe pali nkhani, ndipo ndichedwapo.

Mu 1748 James Stuart ndi Nicholas Revett, ali ku Rome, analengeza kuti akufuna kukayeza zomanga zakale za ku Athens mwala ndi mwala. Anafika mu March 1751 nakhala kumeneko zaka zoposa ziwiri. Julien-David Le Roy, katswiri wa zomangamanga wa ku France, anamva za ntchitoyi, nayenso ananyamuka. Anafika mu 1755, sanakwanitse ndi miyezi itatu yomwe, ndipo mu 1758 buku lake, Les Ruines des plus beaux monuments de la Grèce, linali litatuluka kale ku Paris. Gawo loyamba la The Antiquities of Athens la Stuart ndi Revett linadzatuluka mu 1762, mochedwa ndi zaka zinayi, ndipo Stuart anawononga masamba ambiri kutchula zolakwa za mnzakeyo chimodzichimodzi.

Zolakwazo zinalipodi. Mlendo ndi mame, ndipo Le Roy anakamuka msanga. Chimango chachikulu chimene lero tikuchidziwa kuti ndi laibulale ya Hadrian, iye anachitcha kachisi wa Zeus. Zojambula zake atafika nazo ku Paris zinakonzedwanso ndi Louis-Joseph Le Lorrain, amene pa ulendowo panalibe, asanazigobe pa malata amkuwa Jacques-Philippe Le Bas. N'chifukwa chake zithunzi za Le Roy zili ndi mitambo yolemera, mitengo yoweramira pomwe diso likuifuna, ndi anthu oimikidwa bwinobwino ngati pa sewero. N'zokongola zedi, koma simungalumbire kuti mwala uli apawu unalidi pamenepo. Sindimutaya Le Roy. Iye anali mmodzi mwa oyamba kuonetsa anthu a ku Ulaya akachisi a pa Acropolis m'zithunzi zazikulu, ndipo anafunsa funso limene Stuart sanalabadire kwenikweni: kamangidwe ka nsanamira za mtundu wa Doric kanasintha bwanji kuchokera pa zonenepa zakale kufika pa zowongoka za pa Parthenon? Ankafuna mbiri ya kamangidwe, osati manambala okha, ndipo anadziteteza motero pomwe anatulutsanso bukulo mu 1770.

Stuart ndi Revett anali anthu a chingwe ndi ndodo yoyezera. Chomanga chilichonse anachipatsa zithunzi zingapo motsatana: choyamba monga anachipezera, nyumba za anthu ndi ziweto zili pomwepo, kenako pulani yake, kenako maonekedwe ake monga akanakhalira chili chatsopano, pomaliza tizigawo tating'ono, miyeso yake italembedwa mpaka tizidutswa ta inchi. Nsanja ya Mphepo, ija ya makona asanu ndi atatu yokhala ndi zosema za mphepo zisanu ndi zitatu, anaipeza itakwiririka ndi dothi, ndipo anakumba kuti ayeze pansi pake. Kachisi wamng'ono wa m'mbali mwa mtsinje wa Ilissus anagumulidwa cha m'ma 1778, moti zambiri zimene akatswiri akudziwa za iye lero zikuchokera m'zojambula zawozo.

Chithunzi chimodzi m'gawo lachiwiri ndimachibwerezabwereza. Ndi cha Erechtheion, pakhonde pomwe denga lasenzedwa ndi ziboliboli za atsikana m'malo mwa nsanamira. Aganyu akukumba m'munsi mwa khondelo kuti maziko aoneke. Mkulu wa linga, amene udindo wake unkatchedwa Disdar, waima chapafupi akuyang'anitsitsa, poganiza kuti alendowa akufuna chuma chokwiriridwa. Pakona wakhala Stuart mwiniwake, atavala mkanjo wa kumeneko, akujambula. Tsamba limodzi lokha, koma muli kachisi, muli eni malo, muli kukayikirana kwawo, ndipo mlendoyo sanadzibise.

Zovuta zake nazi. Gawo loyamba lili ndi zomanga zisanu zazing'ono, Parthenon mulibe. Gawo lachiwiri, la Acropolis, lili ndi chaka cha 1787 patsamba loyamba koma linatuluka Stuart atamwalira kale mu 1788, mkazi wake ndiye analimbikira kuti litheke. Lachitatu ndi la 1794, lachinayi la 1816, ndipo lowonjezera linabwera mu 1830. Ntchito ya zaka pafupifupi 70 yotere imatanthauza kuti magawo onse asanu ofanana chikuto ndi osowa, ndipo amene amapezeka nthawi zambiri ndi osonkhanitsidwa uku ndi uku. Chinanso, ndi kuyeza konse kuja, awiriwa sanaone kuti masitepe a Parthenon ndi okwera pang'ono pakati, kuti mizere yooneka yowongoka ija ndi yokhota mwadala. Ena anadzazindikira m'zaka za m'ma 1830, ndipo Francis Penrose anaziyeza bwino n'kuzisindikiza mu 1851. Iwo anajambula mizere yowongoka chifukwa ankayembekezera mizere yowongoka.

Ngati ndinu wa zomangamanga kapena wophunzira kujambula mapulani, musavutike, tengani Stuart ndi Revett. Amisiri a ku Britain ndi ku America anakopera m'bukuli kwa zaka zambiri. Abale athu okhala ku London akhoza kudzionera okha pa Euston Road: tchalitchi cha St Pancras chili ndi atsikana osenza denga aja, ndipo nsanja yake inatengera Nsanja ya Mphepo. Ku Edinburgh, chipilala cha Dugald Stewart pa Calton Hill chinatengera cha Lysicrates.

Buku la bwana

Voyage pittoresque de la Grèce la Choiseul-Gouffier ndi buku la munthu wandalama, ndipo limaonetsa. Mwana wa banja lolemekezeka ameneyu anayenda panyanja ya Aegean mu 1776 ali ndi zaka 24, atatenga ojambula ake, wamkulu mwa iwo Jean-Baptiste Hilair. Gawo loyamba linatuluka mu 1782, lachiwiri linayamba mu 1809 n'kudzamalizika mu 1822, mwiniwake atamwalira mu 1817. Gawo loyambalo ndi la zilumba ndi gombe la Asia Minor, choncho wofuna Athens akhumudwa. Wofuna madoko, mapu, zovala za amayi a pazilumba ndi magule apeza zambiri, zogobedwa ndi akatswiri a ku Paris mwaluso losaneneka.

Chimandivuta ndi mtima wake. Chithunzi chotsegulira bukuli chikuonetsa dziko la Greece ngati mayi womangidwa maunyolo pakati pa manda a ngwazi zakale, kulira kuti amasulidwe. Munthu yemweyo atakhala kazembe wa France ku Constantinople mu 1784, anauza nthumwi yake ku Athens, Fauvel, kuti atole chilichonse chonyamulika. Chidutswa cha zosema za pa Parthenon chimene chili ku Louvre, nyumba yosungiramo zakale ya ku Paris, lero chinadzera njira imeneyo. Bukuli ndimalisirira ndi maso, koma sindilikhulupirira likayamba kulira. Anthu ake ndi okongola mopitirira, ngati palibe amene anatuwapo ndi fumbi.

Chifukwa chimene ndimasankhira Dodwell

Edward Dodwell, wobadwira ku Dublin, anapita ku Greece mu 1801, n'kubwereranso mu 1805 ndi 1806 pamodzi ndi wojambula wa ku Italy, Simone Pomardi. Awiriwa anabwerako ndi zojambula pafupifupi 1,000, zoposa theka za Pomardi, ngakhale dzina lotchuka ndi la Dodwell. Panatuluka mabuku awiri amene ayenera kuyendera limodzi: A Classical and Topographical Tour through Greece la 1819, magawo awiri a nkhani ya ulendo, ndi Views in Greece la 1821, la zithunzi 30 zazikulu zamitundu.

Dodwell ankagwiritsa ntchito camera obscura, kabokosi kamdima kokhala ndi galasi kamene kamagwetsera papepala chithunzi cha zimene zili patsogolo, wojambula n'kumangotsata mizere. N'chifukwa chake mapiri ake ali pamalo pake, ndipo kutalika kwa nsanamira sikunakokomezedwe. Iye mwini amasimba kuti Disdar wa nthawi yake ankamuvutitsa pofuna ndalama zowonjezera, mpaka tsiku lina atasuzumira m'kabokosimo n'kuona akachisi ndi asilikali ake akuyenda papepala. Anamuyesa wamatsenga. Dodwell anamuopseza kuti akapitiriza amutsekera m'bokosimo, ndipo kuyambira tsikulo sanavutitsidwenso. Nkhaniyi amaikamba monyoza, monga ankachitira alendo ambiri a nthawi imeneyo, ndipo powerenga ndimakumbukira kuti mbali ya Disdar palibe anailemba.

Zithunzi za mu Views in Greece ndi za mtundu wa aquatint. Lata lamkuwa amaliwaza fumbi la utomoni, n'kuliviika mu asidi kangapo, ndipo m'malo mwa mizere yokhayokha pamatuluka mithunzi yofewa ngati ya utoto wamadzi. Akasindikiza, anthu ena amapaka mitundu ndi manja, tsamba lililonse palokha. Ndiye mukatsegula chithunzi cha msika wa ku Athens mumaona Agiriki, Asilamu ndi anthu a ku Albania atasakanikirana, aliyense ndi chovala chake, Acropolis ili kumbuyo ngati phiri wamba la kwawo. Muli chithunzi cha ma dervish, Asilamu opembedza movina, ali m'kati mwa Nsanja ya Mphepo yomwe ija Stuart anaiyeza. Muli cha chakudya kunyumba ya bishopu ku Crisso, pafupi ndi Delphi, alendo atakhala mozungulira katebulo kakafupi. Miyala ilipo ndipo ndi yolondola, koma anthu sanaikidwemo kuti angosonyeza msinkhu wa nsanamira. Ali kwawo.

Dodwell analiponso mu 1801 pomwe antchito a Lord Elgin, kazembe wa Britain ku Constantinople, ankatsitsa zosema pa Parthenon, ndipo analemba za chisoni chimene anamva poona miyala ya pamwamba ikugwetsedwa pansi kuti zosemazo zichoke. Boma la Britain linagula zosemazo mu 1816 pa mapaundi 35,000, ndipo mpaka lero Greece ikuzifunabe kuchokera ku British Museum. Sindikuti Dodwell anali woyera manja, chifukwa nayenso anatolera miphika ndi zosema zakale n'kupita nazo. Koma anaona, ndipo analemba zimene anaona.

Chaka chimene Views in Greece linatuluka, 1821, ndi chomwe Agiriki anayamba nkhondo yofuna ufulu. Athens atakhala likulu mu 1834, nyumba za pa Acropolis zinagumulidwa, kamzikiti kamene kanamangidwa m'Parthenon itaphulika kanachotsedwa, ndipo m'zaka za m'ma 1870 nsanja yaitali ya m'nthawi ya mafumu achi Frank, ochokera kumadzulo kwa Ulaya, inagwetsedwanso ndi ndalama za Heinrich Schliemann, wofukula zakale wa ku Germany. Acropolis yoyera mbee imene alendo amajambula ndi mafoni lero inapangidwa mwa kuchotsa zaka zoposa 1,000 za moyo wa anthu. Tauni imene inachotsedwayo mumaipeza mwa Dodwell.

Ena oyenera kuwatchula

Wofuna nkhope atenge Louis Dupré. Anaphunzira kujambula kwa katswiri wotchuka Jacques-Louis David ku Paris, anayenda mu 1819, ndipo Voyage à Athènes et à Constantinople linayamba kutuluka mu 1825 ndi zithunzi 40 za lithograph, zojambulidwa pamwala n'kupakidwa mitundu. Muli Ali Pasha, wolamulira wa ku Ioannina, ali m'bwato, muli Fauvel uja atakalamba, atakhala pakhonde la nyumba yake pakati pa zosema zimene anatolera. Mabwinja mwa Dupré ali kumbuyo kwa anthu. Hugh William Williams wa ku Edinburgh anachita zosiyana: Select Views in Greece, lomalizidwa mu 1829 ndi zithunzi 64 zing'onozing'ono, ndi la kuwala ndi bata, ngati dziko limene aliyense wagona. Limatonthoza, koma ndikalitseka sindikumbuka munthu ndi mmodzi yemwe. Edward Lear anajambula zilumba za Ionian mu 1863, kutatsala chaka chimodzi kuti Britain izipereke kwa Greece, ndipo mitengo yake ya azitona palibe woiposa.

Wofuna njira, kuti mudzi wakuti wakale unali pati, atenge William Martin Leake, msilikali amene anayenda atanyamula buku la Pausanias, mlendo wachigiriki wa m'nthawi ya Aroma, akulemba nthawi imene watha kuchoka pamalo ena kufika pena. Travels in the Morea la 1830 ndi Travels in Northern Greece la 1835 ali ndi mapu ndi mawu ogobedwa pamiyala, zithunzi n'zochepa. Ndi ouma, koma ofukula zakale amawatsegulabe.

Tsono pali Christopher Wordsworth, mwana wa mchimwene wake wa wandakatulo William Wordsworth, amene anadzakhala bishopu wa Lincoln. Greece: Pictorial, Descriptive, and Historical linatuluka mu 1839 ndipo linasindikizidwanso kangapo mpaka 1882. Pofika nthawi imeneyo osindikiza anali atayamba kugoba pa chitsulo, chimene sichiperepeseka msanga ngati mkuwa, ndiponso pa matabwa olimba amene ankalowa pakati pa mawu patsamba lomwelo. Motero buku la zithunzi mazanamazana linatha kufika m'nyumba ya mphunzitsi kapena m'busa, osati ya bwana yekha. Ojambula ake ambiri anangokonzanso zojambula za ena, ndipo zina n'zongoganizira mmene zinthu zinalili kale. Si mboni ngati Dodwell. Koma kwa ife amene dzina la mzindawu tinalimva koyamba kutchalitchi, monga Atene kumene Paulo anaima pa Areopagi m'Machitidwe 17, ndi buku lolandira bwino mlendo. Ndiponso mwa onse amene ndatchulawa, ili ndi limene munthu wa malipiro wamba angaligule lenileni.

Kukhala nalo: lenileni, tsamba limodzi, losindikizidwanso kapena pa intaneti

Mabuku aakulu aja, Stuart ndi Revett, Choiseul-Gouffier, Dupré ndi Views in Greece, akakhala athunthu amagulitsidwa pa okushoni pa mitengo ya galimoto, ndipo ambiri ali m'malaibulale monga Gennadius Library ya ku Athens, yotsegulidwa mu 1926. Wogula buku lakale lililonse, ngakhale Wordsworth, ayambe wawerenga zithunzi. Mabuku ambiri ali ndi mndandanda wa zithunzi koyambirira kapena kumapeto. Yendani nawo chimodzichimodzi, makamaka mapu opinda, chifukwa ndi amene amayamba kusowa. Timadontho tofiirira ngati dzimbiri papepala si chifukwa chothawira, mabuku ambiri a m'zaka za m'ma 1800 ali nato. Choopsa ndi fungo la nkhungu ndi pepala lofewa ngati lanyowa. Wogulitsa akatchula nambala ya Blackmer, akunena za ndandanda ya mabuku amene Henry Blackmer anasonkhanitsa, yokonzedwa ndi Leonora Navari mu 1989, ndipo m'menemo mungaone kuti buku lathunthu liyenera kukhala ndi chiyani.

Njira yachiwiri ndi kugula tsamba limodzi loika mufelemu. Ndi yotsika mtengo, koma ndili nayo mawu awiri. Oyamba ndi akuti tsamba lililonse lotere linachoka m'buku. Amalonda ena amadula mabuku abwinobwino chifukwa zithunzi zogulitsa chimodzichimodzi zimabweretsa ndalama zambiri kuposa buku lathunthu, ndipo tikamagula timawalimbikitsa. Achiwiri ndi a mitundu. Ndinagulapo kachithunzi ka kachisi wa ku Sounion, kogobedwa pa chitsulo, thambo lake lobiriwira bwino, wogulitsa atanditsimikizira kuti ndi ka m'zaka za m'ma 1800. Pepalalo linalidi lakale. Koma nditadzaona buku limene kanachokera, zithunzi zonse zinali zakuda ndi zoyera. Utoto uja unapakidwa posachedwa kuti kachithunziko kagulike. Chikomekome cha mkuyu. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndafufuza ngati bukulo linatuluka ndi mitundu. Ndimayendetsanso chala m'mbali mwa chithunzi kufuna kamzere kolowa m'pepala kamene m'mphepete mwa lata lamkuwa mumasiya, ngakhale lithograph ndi zogoba pa matabwa sizikhala nako. Pepala la m'zaka za m'ma 1700 mukaliunika limaonetsa timizere ta chikombole chimene analiumbira, ndipo nthawi zina dzina la wopanga. Galasi lokulitsa likaonetsa timadontho tandondondo ngati ta m'nyuzipepala, chimenecho ndi cha makina a masiku ano.

Njira yachitatu ndi mabuku osindikizidwanso. Getty Research Institute inatulutsa Le Roy m'Chingerezi mu 2004, ndipo Princeton Architectural Press inasindikizanso Stuart ndi Revett. Mumataya kukula kwa tsamba ndi kuzama kwa inki, koma mutha kuwerenga mutagona, kulembamo ndi pensulo, ngakhale kubwereka mnzanu.

Yachinayi ndi yaulere, kupatula bandulo. Gallica ya laibulale yaikulu ya ku France, Internet Archive ndi laibulale ya yunivesite ya Heidelberg zili ndi ambiri mwa mabuku amenewa athunthu. Tsamba la Travelogues la Aikaterini Laskaridis Foundation lasanja zithunzi potsata malo ndi wojambula, moti mutha kuona malo amodzi m'maso mwa alendo khumi. Chimene foni singakupatseni ndi msinkhu. Tsamba la folio, la mabuku aakulu aja, limafuna manja awiri kuti mulitembenuze, ndipo zithunzizo anazipangira diso loyenda pang'onopang'ono kuchoka kumanzere kupita kumanja.

Kwa wokhala ku Malawi, Zambia kapena Mozambique pali mfundo ina imene ogulitsa a ku Ulaya saiganizira. Buku limene lakhala zaka 180 m'chipinda chozizira likhoza kutha m'dzinja limodzi la kwathu. Chinyontho chimabweretsa nkhungu pachikuto chachikopa, mphemvu zimadya guluu wa kumsana, ndipo chiswe chikalipeza simudzapeza ndi tsamba lomwe. Lisakhudze khoma kapena pansi, lisatsekeredwe mupulasitiki momwe thukuta la mpweya limaunjikana, lisaone dzuwa la pawindo, ndipo lizitsegulidwa kawirikawiri kuti muone msanga chikayamba. Buku lalikulu ligone chogona, lisaime. Amene alibe malo otere, kuli bwino atenge losindikizidwanso kusiyana ndi kuitanitsa lakale kuti lidzafere m'manja mwake.

Nditati ndiyambirenso lero, ndingatsitse Dodwell yense pa intaneti, nkhani ndi zithunzi zomwe, ndigule Stuart ndi Revett losindikizidwanso kuti ndiziyeza nalo zimene Dodwell akundionetsa, kenako ndisunge ndalama pang'onopang'ono za Wordsworth weniweni, kuti m'nyumba mukhale buku limodzi la pepala la nthawi imeneyo. Ndipo ndisawerenge buku limodzi kuchokera koyamba mpaka kumapeto, koma ndisankhe malo amodzi n'kuwatsata m'mabuku onse. Kachisi wa Apollo ku Corinth ndi poyambira pabwino: alendo oyambirira anawerenga nsanamira zoposa khumi zili chilili, lero zatsala zisanu ndi ziwiri.

Kapena tsatani chipilala cha Lysicrates chija. Mwa Stuart chili m'dimba la amonke, theka lake lili m'khoma, mmonke mmodzi atakhala pansi chapafupi. Patsamba lina lotsatira chaima chokha, choyera, miyeso italembedwa m'mbali, ngati khomalo silinakhalepo. Wandakatulo wa ku England Lord Byron anagona m'nyumba ya amonkeyo mu 1810 ndi 1811. Nyumbayo inawonongeka pa nkhondo yofuna ufulu, ndipo lero chipilalacho chaimadi chokha pakabwalo kakang'ono m'dera la Plaka, monga momwe Revett anachijambulira patsamba lina lija. Dimba, khoma ndi mmonke zatsala patsamba loyamba.